Denis Burkitt: dotolo amene adalumikiza kaundula wa zipatala za mu Africa

M'madera otentha ndi ochuluka udzudzu monga Chikwawa ndi Nsanje, zimachitika kuti mwana amatupa tsaya kapena mimba m'masabata ochepa chabe, mano n'kuyamba kugwedera. Nthawi zina imeneyi imakhala khansa yotchedwa Burkitt lymphoma, imodzi mwa makhansa ofala kwambiri pakati pa ana m'Malawi muno. Mwini dzinalo adaizindikira posonkhanitsa zomwe chipatala chilichonse chinkasunga pachokha.

Denis Parsons Burkitt adabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, pachilumba cha Ireland. Ali ndi zaka 11 adataya diso lamanja pangozi, koma izi sizidamuletse kuphunzira udotolo ku Trinity College mumzinda wa Dublin mpaka kukhala katswiri wa maopaleshoni. Atatumikira ngati dotolo wa asilikali pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, adapita kukagwira ntchito ku Uganda mu 1946.

M'chaka cha 1957, pachipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala, adaona mnyamata wa zaka zisanu ali ndi zotupa m'nsagwada. Posakhalitsa adaonanso wina wodwala chimodzimodzi. Adafukula mafayilo akale, ndipo mu 1958 adasindikiza lipoti la ana 38. Koma chipatala chimodzi sichikadayankha funso lalikulu: nthendayi imapezeka kuti, nanga chifukwa chiyani? Choncho adatumiza timapepala ta zithunzi ndi mafunso ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense.

Kumapeto kwa 1961, iye ndi madotolo anzake awiri, Ted Williams ndi Cliff Nelson, adanyamuka pa galimoto yakale ya Ford. M'masabata khumi adayenda makilomita pafupifupi 16,000, nadzera muno dzikoli likutchedwa Nyasaland. Pachipatala chilichonse ankaonetsa zithunzi, kufunsa madotolo ndi kuwerenga kaundula wa odwala.

Ataika zonse pa mapu, chithunzi chidaoneka. Ku Uganda nthendayi inkasowa m'madera okwera kupitirira mamita 1,500. Kuno kwathu malire ake adatsikira pa mamita pafupifupi 900. Inkakonda malo otsika, otentha ndi a chinyezi, monga m'mphepete mwa nyanja ndi m'zigwa za mitsinje. Chigwa cha Shire, chomwe ndi malo otsikitsitsa m'dziko muno, chili m'gulu limeneli. Mapuwo adafanana ndi a malungo, ndipo lero zikudziwika kuti malungo obwerezabwereza amathandizira kuti khansayi iyambe.

Burkitt sadali womana. Wasayansi Anthony Epstein atamumvera akulankhula ku London mu March 1961, adamupempha tizidutswa ta zotupazo, ndipo iye ankatitumiza pa ndege kuchokera ku Kampala. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachirombo ka Epstein-Barr, koyamba kudziwika kuti kamakhudzana ndi khansa mwa anthu. Burkitt adayesanso mankhwala monga methotrexate ndi cyclophosphamide, naona zotupa zikuphwa mofulumira, ana ena n'kuchiriratu.

Atabwerera ku Britain mu 1966, adatchukanso polimbikitsa zakudya zosakonola, zonga mgaiwa wathu, pofuna kupewa matenda a m'matumbo. Adamwalira pa 23 March 1993 ku Gloucester ali ndi zaka 82.

Njira yake idakalipo. Ofufuza khansa ya m'mapapo ndi makhansa ena masiku ano amaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala za maiko ambiri, chifukwa odwala a pachipatala chimodzi sakwanira kusonyeza ngati mankhwala akugwiradi ntchito. Kwathu kuno ntchitoyi imayambira pa kaundula wolembedwa mosamala kuchipatala chaching'ono cha kumudzi. Ndipo mwana wa ku Nsanje wotupa tsaya akafika msanga ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, amakhala ndi mwayi wochira.