Ivar Sandström, Wotulukira Tiziwalo Tobisika M'khosi

Ivar Sandström anabadwa ku Sweden mu 1852. Akuphunzira udokotala ku Uppsala, mu 1877 anaona kachiwalo kachilendo m'khosi mwa galu. Atafufuzanso m'mitembo ya anthu, mu 1880 analemba za parathyroid, tiziwalo tating'ono ngati njere za mpunga tokhala kuseri kwa chithokomiro. Madokotala sanalabadire, ndipo iye anamwalira mu 1889 asanadziwe ntchito ya tiziwaloti.

Lero tikudziwa kuti timayendetsa kashiamu m'magazi. Tikagwira ntchito mopyola muyezo, mafupa amafooka, mu impso mumapangika miyala, munthu amangotopa. Kawirikawiri khosi silitupa, choncho matendawa amadziwika poyeza magazi. Zizindikirozi zikapitirira, kaya muli ku Ndirande kapena ku Bangwe, pitani kuchipatala. Kukafunika, adzakutumizani ku Gulupu.