Hanock Msokera Phiri: M'busa wa ku Kasungu amene adati munthu aliyense ndi m'bale

Anthu a ku Wimbe ndi Mtunthama amaidziwa bwino mbiri ya mtengo wa kachere umene malemu Dr Hastings Kamuzu Banda adaphunzirapo kuwerenga. Koma ndi ochepa amene amakumbukira mtsibweni wake, Mbusa Hanock Msokera Phiri, amene adagwira mnyamatayo padzanja komanso kubweretsa mpingo wa African Methodist Episcopal (AME) m'dziko muno.

A Phiri adabadwa m'chaka cha 1884 kufupi ndi Kasungu. Adakula pa nthawi imene amishoni a ku Scotland adayamba kufika m'dera la Mfumu Mwase, ndipo Dr George Prentice adakhazika mishoni pa Chilanga. Poona kuti mnyamatayu adali wakuthwa mutu, amishoniwo adamutumiza ku Khondowe, kusukulu yotchuka ya Livingstonia. Atabwerako adagwira ntchito ya uphunzitsi kwawo ku Kasungu.

Kusukuluko a Phiri adalandira nsanamira za Chikhristu zimene akhristu amavomereza mpaka lero. Adaphunzira kuti Mulungu ndi mmodzi, Mlengi wa zonse, ndipo adalenga munthu m'chifaniziro chake. Adaphunziranso kuti Yesu Khristu, Mwana wa Mulungu, adafera ochimwa pamtanda nauka kwa akufa, ndi kuti chipulumutso ndi mphatso ya chisomo, sichigulidwa ndi ndalama kapena khungu.

Vuto lidali loti zimene zinkalalikidwa Lamulungu sizinkaoneka Lolemba. M'masiku a atsamunda, mphunzitsi wachikuda ankalandira kangachepe, ndipo ubusa ankaudikira zaka zambirimbiri. Mishoni ya Livingstonia idayamba mu 1875, koma abusa ake oyamba achikuda adawadzoza mu 1914.

Monga amuna ambiri a nthawi imeneyo, a Phiri adanyamuka kukafuna maganyu kunja. Adakumana ndi Kamuzu ku Hartley, tauni ya ku Zimbabwe imene lero ikutchedwa Chegutu, kumene mnyamatayo ankagwira ntchito pachipatala. Mu 1917 awiriwa adalowera ku South Africa, nakagwirako ntchito pamgodi wa malasha kufupi ndi Dundee m'chigawo cha Natal.

Kumeneko ndi kumene adauona mpingo wa AME, woyendetsedwa ndi anthu akuda kuyambira kwa mlaliki mpaka kwa bishopu. Mpingowu adauyambitsa ndi Richard Allen mumzinda wa Philadelphia ku America mu 1816. Allen adabadwa kapolo nadziwombola yekha, ndipo iye ndi anzake adatuluka m'tchalitchi cha azungu atatopa ndi tsankho, anzawo ena atadzutsidwa mokakamiza ali chigwadire kupemphera. Ku South Africa mpingowu udazika mizu mu 1896, pamene mpingo wa Mbusa Mangena Mokone udaphatikana nawo.

Chimene chidawakoka a Phiri sichidali chiphunzitso chachilendo. AME inkawerenga Baibulo lomwelo, kubatiza m'dzina la Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, komanso kudya Mgonero wa Ambuye monga mipingo ina. Kusiyana kwake kudali pa kulimbikira mfundo zitatu zimene mpingowu udaziika patsogolo: Mulungu ndi Atate, Khristu ndi Muomboli, ndipo munthu mnzako ndi m'bale wako. Ngati ziwiri zoyambazo zili zoona, yachitatuyo siingakanidwe. Ana a bambo mmodzi sangagawidwe kuti ena akhale pampando, ena pansi.

Pofika 1924 a Phiri adali atadzozedwa ubusa pansi pa Bishopu William Vernon, ndipo chaka chomwecho adabwerera kumudzi. Adakhazika likulu la ntchito yawo pa Mdabwi m'boma la Kasungu, pamene adatsegula tchalitchi ndi sukulu.

Adafika pa nthawi yake. M'zaka zomwezo amishoni a Livingstonia adapereka mishoni ya Kasungu m'manja mwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Anthu ambiri sadakondwe nazo, makamaka poopa kuti ana awo saziphunziranso Chingerezi mokwanira. Ena mwa iwo adatembenukira kwa a Phiri.

Komabe ulendowu sudali wofewa. Mishoni za azungu zidali ndi zipatala, makina osindikizira mabuku ndi thandizo lochokera kwawo, pamene thandizo la AME lochokera kutsidya kwa nyanja lidali lochepa. Boma la atsamunda nalo linkayang'ana ndi diso lokayika mpingo uliwonse wotsogozedwa ndi munthu wakuda, poti kuukira kwa John Chilembwe kwa mu 1915 kudali kusadaiwalike. A Phiri sadasankhe njira ya nkhondo. Chida chawo chidali choko ndi Baibulo, ndipo pang'onopang'ono ntchito yawo idafalikira mpaka ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mpingo umene a Phiri adalowa ndi womwewo udathandiza Kamuzu kupita ku America mu 1925, kukaphunzira kusukulu ya AME ya Wilberforce m'chigawo cha Ohio. Mkuluyu adakhala ndi moyo mpaka kuona mwana wa mlongo wake akubwerera kumudzi mu 1958 ndi kutsogolera dziko lino ku ufulu wodzilamulira mu 1964.

Lero m'busa wachikuda si nkhani yodabwitsa, ndipo mipingo ya m'dziko muno ikutsogozedwa ndi Amalawi eni ake. Koma funso limene lidawasowetsa tulo a Phiri likadalipo m'chigawo cha fodya chino. Mwini esiteti ndi tenanti wake amaimba nyimbo imodzi Lamulungu, namwera chikho chimodzi pa Mgonero. Ubale umenewo umayesedwa fodya akagulitsidwa ku okushoni, pa tsiku lowerengera malipiro ndi ngongole ya chimanga chimene banja la tenantiyo lidadya chaka chonse.