John Backus

John Warner Backus (3 Disembala 1924 – 17 Malichi 2007) anali katswiri wa makompyuta wa ku America. Amadziwika chifukwa chotsogolera gulu limene linapanga FORTRAN, chiyankhulo cholembera mapulogalamu chimene chinasonyeza kuti pulogalamu yosavuta kulemba ikhoza kuyendanso mofulumira.

Moyo wake

Backus anabadwira ku Philadelphia ndipo anakulira ku Wilmington, m'chigawo cha Delaware. Atachoka ku usilikali anaphunzira masamu pa yunivesite ya Columbia, ndipo mu 1950 anayamba ntchito ku kampani ya IBM.

Speedcoding

Nthawi imeneyo mapulogalamu ankalembedwa m'manambala ndi zizindikiro zimene makina amamva mwachindunji. Ntchitoyi inali yotopetsa ndipo kulakwitsa kunali kosavuta. Mu 1953 Backus anapanga Speedcoding ya kompyuta ya IBM 701 kuti apeputse ntchitoyi.

Speedcoding inkadalira interpreter, pulogalamu imene imawerenga lamulo limodzi, kulimasulira ndi kulichita isanapite pa lotsatira, monga amachitira womasulira pamsonkhano. Lamulo likabwerezedwa, limamasuliridwanso. Choncho mapulogalamu ake ankatenga nthawi yochuluka kuwirikiza ka 10 mpaka 20 poyerekeza ndi olembedwa m'chiyankhulo cha makina.

FORTRAN

Kumapeto kwa 1953 Backus anapempha akuluakulu a IBM kuti amulole kuyesa njira ina pa kompyuta yatsopano ya IBM 704. Njirayo inali compiler, imene imamasulira pulogalamu yonse kamodzi isanayambe kugwira ntchito, monga buku lomasuliridwa kale limene munthu amangowerenga.

Olemba mapulogalamu ambiri ankakayika ngati makina angamasulire bwino ngati munthu. Makompyuta anali okwera mtengo kwambiri, moti chiyankhulo chochedwetsa ntchito chikanakanidwa. N'chifukwa chake gulu la Backus linalimbikira kwambiri pa liwiro. FORTRAN inatuluka mu Epulo 1957, ndipo mapulogalamu ake ankayenda pafupifupi mofanana ndi olembedwa pamanja. Mpaka lero imagwiritsidwa ntchito pa mawerengero akuluakulu, monga olosera za nyengo.

Zaka zomaliza

Mu 1959 Backus anayambitsa njira yolembera malamulo a ziyankhulo za makompyuta, imene pano imatchedwa Backus–Naur Form. Analandira mphoto ya Turing mu 1977, anapuma pantchito mu 1991, ndipo anamwalirira ku Ashland, m'chigawo cha Oregon, ali ndi zaka 82.