Samuel Josia Nthara, Mlembi wa Mabuku

Bambo Samuel Josia Nthara adabadwa m'chaka cha 1905. Atakula adakhala mphunzitsi wa Mishoni ya Nkhoma. Masiku amenewo mabuku a Chicheŵa adali ochepa ndithu. Mbiri ya makolo inkasungidwa m'mitu mwa nkhalamba, ndipo nkhalamba ikamwalira inkapita nayo kumanda.

Bambo Nthara adakonda kulemba. Buku lawo lotchedwa Nthondo lidapambana pa mpikisano wa olemba m'zilankhulo za mu Afirika, ndipo lidasindikizidwa m'chaka cha 1933. Bukuli limasimba za mnyamata wosamva amene pambuyo pake adasintha khalidwe. M'chaka cha 1934 a T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi, kotero kuti lidaŵerengedwa ngakhale kumaiko akutali.

Iwo sadalekere pomwepo ai. Ankafunsa akuluakulu za kale, namalemba mosamala zonse zimene adamva. Potero adalemba Mbiri ya Acheŵa, ndiponso Msyamboza, buku lonena za mfumu ina ya m'boma la Dowa.

Bambo Nthara adamwalira m'chaka cha 1976, koma zimene nkhalamba zija zidawauza sizidatayike.

Mafunso
1. Kodi mbiri ya makolo inkatayika bwanji?
2. Tchulani mabuku aŵiri a Bambo Nthara.