Frida Kahlo: mayi wa ku Mexico amene anadzijambula ataima pa mwala wa malire

Pa kachidutswa ka lata kotalika pafupifupi masentimita 35, mayi wina anadzijambula ataima pa mwala wa malire. Wavala diresi lapinki lofika kumapazi, dzanja lina lagwira kambendera ka dziko lake, linalo lagwira ndudu. Mbali ina kuli nthaka ya makolo ake, mbali inayo kuli mafakitale ofuka utsi. Mayiyu ndi Frida Kahlo wa ku Mexico, dziko limene chimanga chimene timalimachi chinachokera. Anamwalira mu 1954, koma mpaka lero nkhope yake ya nsidze zakuda zolumikizana ndi yodziwika pa dziko lonse.

Frida anabadwa pa 6 Julaye 1907 ku Coyoacán, kufupi ndi likulu la Mexico, ndipo anakulira m'nyumba yotchedwa Casa Azul chifukwa cha makoma ake abuluu. Bambo ake, Guillermo Kahlo, anachokera ku Germany ndipo ankajambula zithunzi ndi kamera. Mayi ake, Matilde Calderón, anali ndi magazi a Aspanya ndi a eni nthaka a ku Mexico. Ali ndi zaka 6 anadwala poliyo, ndipo mwendo wake wakumanja unatsala wowonda. Kusukulu anali wanzeru. Mu 1922 analowa sukulu yotchuka ya Escuela Nacional Preparatoria, kumene atsikana anali 35 okha pakati pa ophunzira pafupifupi 2,000. Cholinga chake chinali kudzakhala dokotala.

Zonsezi zinasintha pa 17 Sepitembala 1925. Basi imene anakwera pochokera kusukulu inawombana ndi sitima yamagetsi yoyenda m'misewu ya mumzinda. Chitsulo chogwirira chinamubaya n'kumuboola m'chiuno, msana unathyoka patatu, mwendo wakumanja unathyoka malo 11. Anali ndi zaka 18. Anagona chigonere miyezi yambiri. Makolo ake anamukonzera thabwa loti azijambulirapo ali chogona, n'kumuikira galasi loonera pamwamba pa kama. Munthu amene ankamuona tsiku lonse anali iye mwini, choncho anayamba kujambula nkhope yake. Chithunzi chake choyamba chotere ndi cha mu 1926, ndipo pa moyo wake wonse anadzijambula maulendo oposa 50.

Mu Ogasiti 1929 anakwatiwa ndi Diego Rivera, katswiri wojambula zithunzi zikuluzikulu pa makoma, amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka 20. Mu 1932 ntchito inawatengera ku Detroit, ku United States, kumene Diego ankajambula antchito a m'fakitale ya magalimoto ya Ford. Mwamunayo ankachita chidwi kwambiri ndi makina, koma Frida ankalakalaka kwawo. Chaka chimenecho chinamuwawa: mu Julaye anapita padera m'chipatala cha Henry Ford, mu Sepitembala mayi ake anamwalira ku Mexico. Chithunzi cha pa malire chija chinajambulidwa m'chaka chomwechi.

Tikachiyang'ana bwino, kumanzere ndi ku Mexico. Kumwamba kuli dzuwa ndi mwezi, chilichonse m'mtambo wake, ndipo pamene mitamboyo yakhudzana patuluka mphezi yolunjika pa kachisi wakale wa makolo amene mbali ina anagumuka. Pansi pali mulu wa miyala, chibade ndi timafano tadothi ta anthu akale. Chapafupi pali maluwa ndi zomera, ndipo Frida anajambula ngakhale mizu yake mmene yalowera m'nthaka. Dzuwa ndi mwezi, chibade ndi mbewu zophuka, zonsezi zikunena chinthu chimodzi: kwawo imfa ndi moyo zimasinthana, chofa chimabwerera m'nthaka n'kudyetsa chomera.

Kumanja ndi ku United States. Kulibe dzuwa, kulibe mwezi. Thambo ladzaza utsi wochokera m'machumuni anayi olembedwa dzina la Ford, ndipo mbendera ya dzikolo ikuoneka mwa chizimezime mu utsimo. Kuli nyumba zitalizitali zosanja. Pamalo pamene kumanzere pamera maluwa, kumanja paima zipangizo zamagetsi, ndipo m'malo mwa mizu zili ndi mawaya olowa pansi. Pali waya wina amene wadutsa malire pansi pa nthaka n'kukalumikizana ndi mizu ya chomera cha ku Mexico. Akatswiri ambiri a zojambula amati apa Frida ankasonyeza kuti makina a dziko lolemera amayamwa mphamvu ku nthaka ya dziko losauka. Ena amaonapo kuti mayiko awiriwa ndi omangika pamodzi, afune asafune. Amene amakhala m'malire amaidziwa nkhani imeneyi: mwala umagawa pamwamba, koma mizu ndi madzi a pansi sizionetsa chiphaso.

Frida mwini waima pakati, sanawolokere mbali iliyonse. Diresi lapinki ndi magolovesi oyera ndi zovala za mayi wolemekezeka wopita kuphwando la anthu olemera, koma ndudu ili kudzanjayo ikuonetsa kuti si munthu woweta. Kambenderako kakunena kumene kuli mtima wake. Pa mwalawo analembapo dzina loti Carmen Rivera, kutenga limodzi mwa mayina ake obadwa nawo ndi la mwamuna wake, ngati kuti kudziko la eni ankangodziwika monga mkazi wa Diego.

Banja lawo linali la chikondi chachikulu ndi mabala akulu. Onse awiri anali ndi zibwenzi zamseri, koma chimene chinamupweteka Frida koposa n'chakuti Diego anayenda ndi mng'ono wake, Cristina. Ukwati unatha mu 1939. Chaka chimenecho anajambula Las dos Fridas, ma Frida awiri atakhala pa benchi atagwirana dzanja, wina m'diresi loyera la ku Ulaya, wina m'zovala za amayi a ku Tehuantepec. Mitima ya onse awiri ili poyera, yolumikizidwa ndi mtsempha umodzi, ndipo magazi akudonthera pa diresi loyeralo.

Mu 1940 anajambula chithunzi china chimene anthu amachikamba kwambiri. Wavala zoyera, kumbuyo kwake kuli masamba akuluakulu obiriwira, ndipo m'khosi wavala mkanda wa minga imene yamulasa mpaka kutulutsa magazi. Pa mkandawo palendewera kambalame kakufa kotambasula mapiko, ka mtundu woyamwa timadzi ta maluwa, kofanana ndi choso. Paphewa lina pali kanyani kakuseweretsa mingayo, paphewa linalo pali mphaka wakuda wokonzeka kudumpha, ndipo m'tsitsi muli agulugufe.

Chilichonse pamenepa chili ndi tanthauzo. Mingayo imakumbutsa chisoti chaminga cha Yesu, chimene aliyense m'dziko la Akatolika ambiri ngati Mexico amachidziwa, koma iye wachitsitsira pakhosi. Kambalameko, mwa mwambo wa kumeneko, kakauma ankakagwiritsa ntchito ngati chithumwa chokopera chikondi. Apa n'kakuda, kopanda moyo, ngati chikondi chimene chinali chitangotha. Mphaka wakuda ambiri amamuona ngati tsoka lodikira, ndipo kanyaniko, ngakhale Frida ankaweta anyani kunyumba ndi kuwakonda, kakukoka minga yomwe ikumupweteka. Agulugufe, amene amatuluka m'chikwa chooneka ngati chakufa, ndiwo chizindikiro cha kuukanso. Pakati pa zonsezi nkhope yake siikulira ndipo siikupempha chisoni. Ikungoyang'ana kutsogolo. Mu Disembala chaka chomwecho iye ndi Diego anakwatirananso ku San Francisco.

Thupi lake linapitiriza kufooka. Pa moyo wake anachitidwa maopaleshoni pafupifupi 30. Mu 1944 anajambula La columna rota, mmene thupi lake lang'ambika pakati, ndipo m'malo mwa msana muli chipilala chamwala chosweka. Malamba achipatala ndiwo alimanga kuti lisagwe, misomali yamubaya thupi lonse, misozi ili pamasaya. Kumbuyo kuli nthaka youma yong'ambika ming'alu, ngati munda umene mvula yaukana. Nthaka ndi thupi zikudwala nthenda imodzi.

Dzina lake linayamba kumveka kunja asanalemekezedwe mokwanira kwawo. Anaonetsa zithunzi zake ku New York mu 1938 ndi ku Paris mu 1939. Chionetsero chake choyamba cha yekha ku Mexico chinachitika mu Epulo 1953. Madokotala anamuletsa kudzuka, choncho anatumiza kama wake kumalo a chionetserocho, iye n'kufika pa ambulansi, ndipo analandira alendo ali chogona. Mu Ogasiti chaka chomwecho anamudula mwendo wakumanja mmunsi mwa bondo chifukwa unayamba kuwola. Pa 2 Julaye 1954, ali pa njinga ya olumala, anapita nawo ku zionetsero zotsutsa kugwetsedwa kwa pulezidenti Jacobo Árbenz wa ku Guatemala, amene ankagawira alimi osauka minda. Patangotha masiku 11, pa 13 Julaye, Frida anamwalira ku Casa Azul ali ndi zaka 47.

Nyumbayo inatsegulidwa mu 1958 monga malo osungirako zinthu zake, ndipo alendo amakaona kama wake, galasi lija ndi phulusa la thupi lake. Mu 2021 chithunzi chake chotchedwa Diego y yo chinagulidwa ku New York pa madola 34.9 miliyoni. Mtsikana amene ankafuna kuchiza odwala sanafike pokhala dokotala, ndipo iye mwini sanachire. Chimene anatha ndi kuonetsa ululu mmene ulili, pogwiritsa ntchito zinthu zimene mlimi aliyense amazidziwa: minga, mizu, mbalame ndi nthaka yong'ambika.