Dennis Liwewe: mau amene anali kuitanira anthu ku bwalo la mpira

Papita zaka zoposa khumi chimwalirire a Dennis Liwewe, koma m'makomboni a mu Lusaka dzina lao likali kutchulidwa nthawi zonse pamene akuluakulu akumbutsana za masiku amene mabwalo a mpira anali kudzaza. Iwo sanatchuke kamba kokhala ndi timu kapena kuphunzitsa osewera. Nchito yao inali kuulutsa mpira pa wailesi, ndipo ndi nchito imeneyo anaphunzitsa mtundu wonse kukonda osewera ake.

A Liwewe anabadwa pa 10 January, 1936, m'dziko la Malawi, limene panthawiyo linali kutchedwa Nyasaland. Monga anyamata ambiri a m'nthawi yao, anadza ku migodi ya ku Copperbelt dziko la Zambia lisanalandire ufulu. Anayamba ngati mtolankhani pa nyuzipepala ya mgodi wa Nchanga ku Chingola, ndipo anakwera pang'onopang'ono kufikira atakhala mkulu woyang'anira zofalitsa nkhani pa kampani ya migodi ya ZCCM. Analinso kutumiza nkhani za masewera ku wailesi ya BBC.

Anayamba utolankhani pamene mpira wa m'dziko muno unali kumera mizu. Ligi ya dziko lonse inayamba m'chaka cha 1962, ndipo timu ya Roan United ndiyo inayamba kutenga chikho. Mufulira Wanderers inatsatira mu 1963, pamene City of Lusaka inabweretsa ulemuwo mu mzinda waukulu mu 1964, chaka chimene bwalo la Independence linamangidwa.

M'zaka zimenezo nyumba zambiri za ku Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga ndi Mtendere zinalibe magetsi, ndipo wailesi ya kanema inali ya anthu owerengeka. Chimene banja linali kusamala ndi wailesi ya mabatire. Tsiku la mpira likafika, mwini wailesi anali kuitulutsa pabwalo, anansi nkukhala moizungulira. A Liwewe anali kuulutsa m'Chingerezi, komabe ngakhale agogo osadziwa chinenerocho anali kuzindikira pamene mpira wafika. Mau ao anali kuyamba motsika mpira ukakhala pakati, nkumakwera ndi kufulumira pamene osewera ayandikira golo, kufikira ataphulika chigoli chikalowa. Anthu ena anali kunyamula wailesi popita ku bwalo, kuti aziona ndi maso uku akumva a Liwewe.

Luso lao lalikulu linali kudziwitsa anthu osewera. Anali kutchula munthu aliyense ndi dzina lake, timu yake ndi kumene achokera, kotero kuti mwana wa ku Matero anali kudziwa Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors, Dick Chama wa Green Buffaloes ndi Alex Chola ngati abale ake. Wosewera amene wamva dzina lake sabata ndi sabata umafuna kukamuona wekha. Umu ndi mmene wailesi inali kutumizira anthu ku bwalo m'malo mowatsekera kunyumba. Pa masewera aakulu anthu anali kuyenda pansi kuchokera ku Matero, George, Mandevu ndi Chaisa, nkufika pa Independence dzuwa lisanafike pamutu kuti apeze malo.

A Liwewe ndiwo anatchukitsa dzina la KK Eleven, limene timu ya dziko inali kudziwika nalo polemekeza mtsogoleri woyamba, a Kenneth Kaunda, amene anali wokonda mpira kwambiri. Timu imeneyi inafika pa ndime yomaliza ya chikho cha Africa mu 1974 ku Cairo, kumene inalepherana ndi Zaire 2-2 nkugonja 2-0 pobwereza. Mu 1977 a Kaunda anapatsa a Liwewe mendulo ya ulemu ya Order of Distinguished Service. Mu 1988, pa masewera a Olympic ku South Korea, Zambia inagonjetsa Italy 4-0, Kalusha Bwalya atamwetsa zigoli zitatu.

Chisoni chachikulu chinadza pa 27 April, 1993, pamene ndeke imene inanyamula timu ya dziko paulendo wa ku Senegal inagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 anamwalira, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Kwa a Liwewe awa anali anyamata amene anawaona akukula. Anaikidwa m'manda pafupi ndi bwalo la Independence. Pa 4 July chaka chomwecho timu yatsopano inakumana ndi Morocco pa bwalo lomwelo litadzaza, ndipo inapambana 2-1 ndi zigoli za Kalusha Bwalya ndi Johnson Bwalya. Otsatira mpira sanataye timu yao pa nthawi ya maliro. A Liwewe anakhala ndi moyo kufikira ataona Zambia ikutenga chikho cha Africa pa 12 February, 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, itagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7.

Pofika m'zaka zao zomaliza, zinthu zinali zitasintha. Mawailesi a kanema a setilaiti anabweretsa ligi ya ku England m'mabala ndi m'nyumba za m'komboni, ndipo achinyamata ambiri anayamba kudziwa osewera a Arsenal ndi Manchester United kuposa a kwao. Vuto lina ndi lakuti matimu ambiri aakulu a mu Lusaka ndi a mabungwe. Green Buffaloes ndi ya asilikali a pamtunda, Red Arrows ndi ya asilikali a m'mlengalenga, Nkwazi ndi ya apolisi, pamene Zanaco ndi ya banki. Matimu amene anali ndi mizu pakati pa anthu wamba, monga City of Lusaka ndi Lusaka Tigers ya ku Matero, akhala zaka zambiri m'magawo a pansi. Nchifukwa chake masewera ambiri a ligi mu Lusaka amachitika mipando yambiri ili yopanda anthu, ngakhale kuti ku Kitwe bwalo limadzaza Nkana ikakumana ndi Power Dynamos. Timu yopanda anthu pakhomo imadalira thumba la mwini wake lokha, ndipo thumbalo likauma timu imagwa.

A Liwewe anamwalira pa 22 April, 2014, pa chipatala cha Levy Mwanawasa mu Lusaka, ali ndi zaka 78. Mwana wao, a Ponga Liwewe, anadzakhala mlembi wamkulu wa bungwe loyendetsa mpira la FAZ mu 2016. M'chaka chimene malemuwa anatisiya, bwalo latsopano la National Heroes linatsegulidwa pafupi ndi manda a osewera a 1993. Bwaloli lili pa mtunda woyenda pansi kuchokera ku Matero ndi Mandevu, monga momwe linalili la Independence. Njira ndi yomweyo imene makolo anali kuyenda atanyamula wailesi. Chimene chikufunika ndi anthu ouza ana a m'makomboni maina a osewera a kwao, monga anachitira a Dennis Liwewe.