John Kirk ndi Cinsinsi ca Kombe

Kum'mwera kwa nyanja ya Chiuta kuli nyanja ina yochedwa Chilwa. Pakati pa nyanja ziwirizi pali mtunda wa mcenga, ndipo boma la Mecanhelas limakhudza zonse ziwiri. Pa 18 Epulo 1859, azungu awiri anafika pa nyanja ya Chilwa atayenda pansi kucokera ku mtsinje wa Shire. Mmodzi anali David Livingstone. Mnzake anali dotolo wacinyamata, dzina lake John Kirk.

Kirk anabadwa pa 19 Disembala 1832 m'mudzi wa Barry ku Scotland. Bambo ake anali mbusa wa mpingo. Anaphunzira za udotolo mumzinda wa Edinburgh ndipo anamaliza mu 1854. Atatero anakathandiza asilikali odwala pa nkhondo ya ku Crimea. Kulikonse kumene ankapita ankatola masamba, maluwa ndi njere, cifukwa ankakonda kudziwa za zomera. Mu 1858 anasankhidwa kuti apite ndi Livingstone ku mtsinje wa Zambezi. Nchito yake inali yociza odwala ndi kulemba za mitengo ya kuno.

Ulendowo unali wovuta. Malungo ankawagwira kawirikawiri, ndipo Kirk ankawapatsa anzake kwinini, mankhwala owawa ocokera ku khungwa la mtengo wa ku South America. Mu 1860 bwato lake linagubuduka pa mathithi a Cahora Bassa. Iye anapulumuka, koma zolemba zake zambiri zinapita ndi madzi.

M'cigwa ca Shire, Kirk anaona alenje a Cimang'anja akupha njati ndi nyama zina ndi mivi yaing'ono. Mphamvu ya miviyo inali mu ulembe umene ankapaka pafupi ndi nsonga. Alenjewo ankasinja njere za comera cina cochedwa kombe, n'kuzimata pa muvi. Nyama ikalasidwa inkathawa, iwo n'kumaitsata mpaka itagwa. Kenaka ankadula mnofu wozungulira bala n'kutaya, ndipo nyama yotsalayo ankadya popanda vuto. Nzeru imeneyi anailandira kwa makolo awo.

Kirk anafunitsitsa kuciona comeraco, koma eni ake sanafune kuulula. Akafunsa, ankamubweretsera comera cina. Tsiku lina ali m'mudzi mwa mfumu Chibisa, anaona comera coyanga pa mtengo wautali. Zipatso zake zinali zazitali, zobala ziwiriziwiri ngati nyanga za ng'ombe. Palibe amene anavomera kukwera kukamuthyolera, motero anakwera yekha. Anthu ataona izi anacita mantha kuti mlendoyo afa. Anamucenjeza kuti madzi a comeraco asamulowe m'kamwa kapena pabala, ndipo anavomera kuti kombe ndi yemweyo. Cinsinsi cinaululika cifukwa eni mudzi sanafune kuti mlendo wawo afe.

Cina cinacitika mwangozi. Kirk anasunga mswaci wake m'thumba momwe munali kombe pang'ono. M'mawa wina akutsuka mano anamva kuwawa m'kamwa. Masiku amenewo anali ndi cimfine, ndipo mtima wake unkagunda mofulumira. Posakhalitsa anazindikira kuti kugundako kwatsika. Pokhala dotolo, anaganiza kuti ciphe cimene cimaimitsa mtima wa njati cikhoza kuthandiza mtima wa munthu wodwala ngati cipatsidwa pang'ono kwambiri.

Njere ndi mivi ya kombe zinatumizidwa ku Britain. Ku munda wa zomera wa Kew, Daniel Oliver anapatsa comeraco dzina la sayansi lakuti Strophanthus kombe. Dzina la Cinyanja linakhalabe m'menemo mpaka lero. Ku Edinburgh, dotolo wina, Thomas Fraser, anayesa njerezo kwa zaka zambiri. Anacotsamo cinthu cenicenico cimene cimagwira mtima ndipo anacicha strophanthin. Mu 1885 anauza madotolo anzake kuti cinthuco cinathandiza odwala mtima. Njere zina zimene ankayesa anamutumizira John Buchanan wa ku Zomba. Posacedwa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inayamba kugulitsa mankhwalawo m'mabotolo, ndipo njere za kombe zinakhala malonda ocokera ku dera la Shire.

Kodi mu njere ya kombe muli ciyani? Zamoyo zonse zinapangidwa ndi tinthu tating'ono tosaoneka ndi maso tochedwa maatomu. Mtundu umodzi wa maatomuwa ndi kaboni, amene ali wambiri m'makala ndi mu mwaye. Zomera zimatenga kaboni mumpweya. Maatomu a kaboni amagwirana ngati mikanda pa ulusi, kapena kupanga timphete, ndipo amalumikizananso ndi maatomu a haidrojeni ndi okosijeni. Shuga, mafuta ndi ufa wa cimanga zinapangidwa motero. Strophanthin nayenso ali ndi kaboni, haidrojeni ndi okosijeni. Mbali yake ina ndi shuga, ndipo mbali inayo ili ndi maatomu a kaboni 23, ambiri mwa iwo atapanga timphete. Cimene cimasiyanitsa cakudya ndi ciphe ndi kalumikizidwe ka maatomuwo.

Strophanthin akalowa m'magazi pang'ono, mtima wofooka umagunda mwamphamvu ndi modekha. Akaculuka, mtima umaima. N'cifukwa cake dotolo amayeza mlingo wa mankhwala mosamala, ndipo mwana sayenera kulawa njere za kuchire zimene sakuzidziwa kapena kumwa mapilisi a munthu wina. Madotolo a ku Ulaya, makamaka a ku Germany, anaciza ndi strophanthin kwa zaka zambiri. Pambuyo pake mankhwala ena a mtima anatenga malo ake.

Kirk anacoka ku Zambezi mu 1863. Mu 1866 anapita ku cilumba ca Zanzibar ngati dotolo, ndipo kenaka anakhala kazembe wa Britain. Kumeneko kunali msika waukulu wa akapolo. Ambiri mwa ogulitsidwawo anali ogwidwa ku maiko ozungulira nyanja ya Niassa, amene ankayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. Mu Juni 1873, Kirk anakakamiza Sultani Barghash kusaina pangano lotseka msikawo, atamuuza kuti akakana, zombo zankhondo za Britain zizinga cilumbaco. Msika unatsekedwa, ngakhale malonda a akapolo anapitirira mobisa kwa zaka zina.

John Kirk anamwalira ku Sevenoaks, ku England, pa 15 Januwale 1922, ali ndi zaka 89. Mapiri a m'malire a Angónia ndi Malawi anapatsidwa dzina lake. Maina a Kirk, Oliver ndi Fraser analembedwa m'mabuku. Maina a alenje amene anayamba kudziwa mphamvu ya kombe sanalembedwe, ndipo phindu lalikulu la mankhwalawo linapita kwa amalonda akunja. Komabe mankhwala amenewa anayambira pa nzeru zawo.

Mafunso
1. Kodi alenje ankacita ciyani ndi nyama yophedwa ndi muvi wa kombe asanaidye?
2. N'cifukwa ciyani anthu a kwa Chibisa anaulula cinsinsi cawo?
3. Funsani agogo maina a mitengo itatu ya mankhwala ya kwanu, muwalembe m'kope.